Dzina Lobwereka ku Sukulu ya Matabwa

Titafika ku Perth, ku Australia, bambo a kunyumba anapeza ntchito ya unamwino ku Joondalup, koma nyumba tinakaipeza m'katauni kena kutali, kumene misewu imathera n'kuyamba tchire. Mwana wathu wamkazi analowa sukulu ya boma ya komweko. Ine wolekezera Sitandade 6, ndinkathokoza Mulungu m'mawa uliwonse pomuperekeza.

Kuseri kwa makalasi kunali kanyumba ka matabwa ka chipinda chimodzi. Aphunzitsi a mwana wanga, mayi wansangala kwambiri, anandiuza kuti kale dera lonselo linali ndi masukulu ang'onoang'ono otere, a ana a m'mafamu omwe ankabwera pa hatchi. Itamangidwa sukulu yaikulu onse anatsekedwa, ndipo kanyumbako anachita kukanyamula pa lole kudzakaika pamenepo.

Kamodzi pachaka ana amavala zovala zachikale n'kukaphunzira mmenemo, ndipo aliyense amapatsidwa dzina la mwana amene ankaphunziramo kalelo. Tsikulo makolo tinaima pamawindo, dzuwa lili ng'aa. Aphunzitsi akaitana dzina lakale, mwana ankavomera. Ndinafunsa mayi wina pambali panga, "Nanga eni mainawa ali kuti?"

"Anamwalira kalekale," anatero akumwetulira.

Kwathu dzina la womwalira sulivomera mwamasewera. Koma ndinali mlendo, ndinangopitiriza kuonerera pawindo.

Itafika nthawi ya mwana wanga, anavomera bwinobwino. Ine ndinamva mawu awiri. Enawo anachokera kumbuyo, pa desiki lomwe panalibe munthu. Palibe anacheuka.

Kuyambira tsikulo, ndikamuitana dzina lake, zii. Sikuti unali mwano ayi, ankangokhala ngati ndikuitana wina. Loweruka akudya phala anandifunsa m'Chingerezi chake chija, "Amami, hatchi yanga mwaimwetsa madzi?"

Bambo ake anaseka. "Amake mwana, ndiye tigule hatchi? Tiziimika m'galaja?"

"Sekani inu," ndinatero. "Mwanayu akutichoka tikuona."

Lolemba ana ataweruka ndinakapempha kiyi wa kanyumba kaja. Aphunzitsi anandiyang'ana modabwa, komabe anandipatsa, Ambuye awadalitse. Tinalowa awiri, ine ndi mwana. Munkanunkha fumbi ndi choko. Ndinagwada n'kupemphera kaye, chifukwa sindichita kanthu Mulungu asanatsogole. Kenako ndinayang'ana desiki lija, ndipo mantha anasanduka chisoni. Ndinaganiza: uyunso ndi mwana wa munthu. Sukulu yake anainyamula iye asakudziwa, anzake onse anapita, ndiye wamva dzina lake likuitanidwanso.

Ndinamuyankhula m'Chichewa, monga ndimachitira ndi ana a anansi kwathu. "Mwanawe, zikomo potibwereka dzina. Talibweza, ndi lako. Sukulu inaweruka kalekale. Pita kwanu, amayi ako akukudikira."

Ndinatembenuka n'kuitana wanga ndi dzina lomwe anamupatsa amayi anga.

"Wawa, amayi."

M'Chichewa! Mwana woti chiyambireni sukulu ankandiyankha m'Chingerezi chokhachokha. Ndinamugwira dzanja mwamphamvu mpaka anati ndikumupweteka.

Ndikukhoma chitseko, mkatimo munamveka chivundikiro cha desiki chikutsekeka pang'onopang'ono, ngati mwana wamwambo amene walongedza mabuku ake. Sindinasuzumire.

Chaka chotsatira wanga anavalanso diresi lachikale lija. Ndinali nditapempha aphunzitsi, ndipo anamuitana ndi dzina lake lenileni. Ndinatchera khutu pawindo. Anavomera yekha.