Singano Yochokera ku Khasu la Amayi

Mpeni wanga unang'aluka pafupi ndi chigwiriro chaka chimene mvula inachedwa, ndikusenda chinangwa pakhonde. Ndinaukulunga m'kansalu osauza munthu. Pakomboni pathu, kufupi ndi tauni ya Concession, ukangonena kuti chinthu chawonongeka, mawa lake wina wafika kale kudzakuthandiza kuchitaya.

Mpeniwo poyamba unali khasu. Linabwera ndi amayi anga kuchokera ku Malawi, lobisidwa m'mtolo wa zovala. Ankati analisula ndi makolo a makolo awo, anthu amene ankawotcha miyala m'ng'anjo yadothi mpaka mwala kubala chitsulo. Kwathu chitsulo chotero sichitayidwa. Chikatha chimapita kwa wosula, n'kubwerako chocheperako. Khasu linatha m'minda ya fodya, n'kukhala kakhasu kopalira mbande. Kakhasuko kanadzakhala mpeni. M'maonekedwe onsewa munali kamzere kakuda koyenda m'chitsulomo ngati mtsempha. Amayi ankati ndi dothi la ng'anjo limene linakana kutuluka.

Mdzukulu wanga wamkazi, amene amaphunzira ku Glendale, anandipeza tsiku lina masana nditautambasula mpeni uja pamwendo. Anautembenuzatembenuza, ine maso ali pa zala zake. Kenaka anandiuza kuti nyenyezi nazonso zimakalamba. Akuti yaikulu ikatopa imayamba kupanga chitsulo m'mimba mwake, kenaka imaphulika, fumbi lake n'kumwazika, ndipo lina la fumbilo ndi limene makolo ankakumba m'mapiri. Ndinamufunsa ngati aphunzitsi akewo anapita nawo kumaliro a nyenyeziyo. Anaseka, nati ndine wovuta.

Sindinamukhulupirire. Koma m'mamawa popita kumjigo ndinkapezeka nditaima, ndowa ili m'manja, ndikuyang'ana nthanda ikuzimiririka pamwamba pa mabani akale a fodya. Ndinkaona ngati kumwambako kuli komboni ina, nkhalamba zoyera zitakhala pamakonde, iliyonse ikusunga kachitsulo kake m'mimba, osauza mnzake.

Chimene chikanatulukanso mumpenimo chinali singano yaikulu yosokera masaka. Vuto linali wosula. Watsala mmodzi yekha kuno, bambo wina wa ku Tete amene amakhala kuseri kwa musika, ndipo nkhwangwa zake amasula ndi masipuling'i a malole. Ndinadziwa zimene zikanachitika: ndikanalandira singano yokongola yachitsulo cha lole, chitsulo cha amayi chitapita kwa ogula zinthu zakale.

Nditapita nawo mpeniwo, anandiuza kuti ndiusiye ndidzabwere mawa. Ndinakhala pansi. Anati pamoto wosulira sipakhala munthu wamkazi, chifukwa thupi lotentha limang'alula chitsulo, ndipo malemu bambo ake sakanalola.

“Bambo,” ndinatero, “ine ndinazizira inu musanamere mano. Kolezani moto.”

“Agogo, mukundiyesa mbava?”

“Sindinakuyeseni kanthu. Ndangotopa miyendo.”

Anapukusa mutu, n'kuyamba kuzunguza gudumu la njinga limene limapemerera makala. Pambali pake panali mulu wa tizidutswa tazitsulo, tambiri totalika ngati mpeni wanga. Ndinausuntha muluwo ndi ndodo yanga mpaka kutali ndi dzanja lake. Iye anapitiriza kupemerera moto.

Mpeni unalowa m'makala uli wakuda. Unafiira, kenaka unayezuka ngati dzungu lakupsa. Atauika pachidutswa cha njanji n'kuumenya ndi nyundo, mbaliwali zinathetheka mbali zonse, imodzi n'kugwera pachitenje changa. Ndinafuna kumuletsa. Chitsulo cha amayi chinali kuthawa ine ndikuona, ndipo panalibe wakuba woti ndimugwire mkono. Tinyenyezi timeneto tinkabadwa, kuwala, n'kufa tisanafike pansi. Ndinaganiza za munthu amene anayamba kumenya chitsulochi, wopanda malaya, m'dziko limene sindinapondemo. Nayenso ayenera kuti chinamuthawa chonchi. Ndinaona amayi akuwerama m'mizere ya fodya, khasu likung'anima, likuchepa pang'onopang'ono m'dothi lofiira la eni ake. Phokoso la nyundo linapita kutali, ngati mtondo wa kumudzi wina.

Nditazindikira, madzi a m'chitini anali akuchita thovu, bamboyo akutulutsamo singano. Sindikudziwa kuti maso anga anachoka nthawi yaitali bwanji. Ndinayang'ana mulu uja. Unali pomwe ndinausiya, koma munthu ali ndi matumba.

Ndinalandira singanoyo yakuda bii, yofunda. Ndinatolanso timakoko tachitsulo timene tinagwa mozungulira njanji, n'kutimanga pakona ya chitenje. Iye anafunsa ngati ndikufunanso utsi andikulungire.

Kunyumba ndinakhala kuseri, kumene aneba sangaone, n'kuikwecha ndi mchenga wonyowa. Inayamba kuyera kunsonga, kulibe kanthu. Pakati, palibe. Ndinapitiriza kukwecha. Pafupi ndi diso la singano m'pamene kanatulukira, kamzere kakuda kopyapyala ngati tsitsi, kokhota monga kankakhotera pakhasu.

Wosula uja sindinamuuze, angazolowere. Mdzukulu wanga atabwera patchuthi ndinamulola kuigwira, nasoka nayo thumba la chimanga. Anafunsa kuti singano ikadzatha chidzatsale n'chiyani. Ndinamuuza kuti afunse aphunzitsi ake, kenaka ndinatambasula dzanja kuti andibwezere.