Mluzu Umene Ndinapatsa Wakuba

Ndiyambe ndi kuulula uchitsiru wanga ndekha, poti ndikasiyira ena aukometsa. Nkhondo itatha, titabwerako ku Dedza kumene tinathawira, pamalire pa Kalomwe panatsegulidwa kachipinda koonetsera mafilimu. Ndinkalowamo ndikagulitsa mbatata, n'kukauza mayi akunyumba kuti njinga inaphulika tayala. M'menemo ndinaonera filimu ina ya zibakera ya magawo ambirimbiri, ndipo ndinazindikira chinthu. Ngwazi ya m'filimumo ikangotulukira, nyimbo inali yomweyo. Gawo loyamba yomweyo, lachiwiri yomweyo, kufika lachisanu munthu wanenepa, dazi layamba, koma nyimbo osasintha. Ine ndi sukulu yanga yolekezera kalasi yachitatu ku misawu, mishoni ya Fonte Boa, ndinaganiza mozama mpaka ndinapeza yankho: woimbayo ndi mkaidi. Anapalamula kwawoko, ndiye anamugamula kuti aziimba nyimbo imodzi mpaka kufa, atabisala pathengo pamene anzake akuswana nsagwada. Mafilimu ena ongoima paokha, okhala ndi nyimbo zatsopano, ndinkati amenewo akuimba ndi anthu aufulu. Mkaidi uja ndinkamumvera chisoni. Lamulungu lina ndinamupemphererako pa Misa.

Chisonicho chinali cha woimba mnzake, chifukwa inenso ndimakhwacha viyola, imene anzathu a kutsidya kwa malire amati gitala. Nkhope yanga amene anaiona sakayika chifukwa chake ndinaphunzira. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo, ine ndinamva msanga. Ndili mnyamata ndinkapeka nyimbo ngati utitiri, lero iyi mawa iyo, zambiri n'kuziiwala mowa usanathe m'mutu.

Zaka zingapo zapitazi akamwini anga, amene anakwatira mwana wanga woyamba ndipo amakonza mafoni ku Ulongwe, anayamba kujambula mafilimu ndi anzawo. Amajambula ndi foni yomweyo, n'kumaikira anthu m'mafoni mwawo, anthu n'kumaonera m'mashapa, timinibasi tathu tija, ndi m'mabaraka a malonda. Anaganiza filimu ya mudzi umene zinthu zimangosowa, ndipo wakubayo saoneka nkhope. Umangoona miyendo, nkhwaira za tayala ndi thumba. Anafuna nyimbo. Anayamba apita kwa mphunzitsi wina wa ku Lifidzi, mwini limba lamagetsi, amene amaika nyimbo m'mavidiyo a maukwati ndi a maliro. Mphunzitsiyo atamva kuti filimuyo idzakhala ya magawo ambiri anakana. Anati iye sabwereza nyimbo, ukwati uliwonse ndi yake, maliro aliwonse ndi yake. Ndiye akamwini anabwera kwa ine atapinda chipewa m'manja.

"Bambo, tikufuna kanyimbo ka wakuba. Koti munthu akangokamva adziwe kuti wafika, ngakhale ali kubafa."

"Ndinu achiwiri kundifunsa kapena ndine wachiwiri kufunsidwa?"

Anayang'ana pansi n'kuseka. Ndinawauza kuti abwere Loweruka.

Apa ndiyenera kufotokoza za mbatata yanga. Nyengo imeneyo kudimba kwanga kunkalowa munthu. Osati wakuba wa phuma, koma wanzeru: amakumba m'mbali mwa mzere, kutola zikuluzikulu, n'kukwirira bwinobwino, masamba ali chiimire ngati palibe chachitika. Katatu konse. Tsiku lina ndinalawirira m'chisanu cha Juni, nkhungu itaphimba dambo lonse moti sumaona dzanja lako. Munthu sindinamuone. Ndinangomva mluzu chakumtunda kwa mtsinje, ukupita kutali. Ndipo mluzu umenewo ndinkaudziwa. Unali wa akumpadire.

Akumpadire ndi amene anagwira mwana wanga woyamba pa ubatizo. Tinathawira limodzi ku Dedza, tinabwerera limodzi, madimba athu ndi oyandikana, ndipo ndiwo ankasunga makiyi a kapela ya m'mudzi mwathu, m'mene timasungamo chimanga ndi nyemba za chopereka. Munthu wosalankhulalankhula, koma mluzu pakamwa nthawi zonse, ndiponso umodzi womwewo. Polima womwewo, pokonza njinga womwewo, popita kumaliro ankauimba chapansipansi. Kumene anautenga sindinawafunsepo. Munthu sufunsa tambala kumene anaphunzira kulira.

Wina anganene kuti munthu akhoza kuimba mluzu akupita kudimba kwake. N'zoona. Koma ine mtima unali utagwira kale. Ndinayamba kuona zinthu. Nkhwaira zawo zinali za tayala, ngati za theka la anthu a kwathu kuno ku Angonia, koma ine ndinaona zawozo. Mdzukulu wawo anadutsa akudya mbatata yootcha, ine n'kuiyang'ana kukula kwake. Akandipatsa moni ndinkamva ngati wachuluka ulemu. Kuwafunsa sindikanatha, kumpadire safunsidwa za mbatata. Ndiye Loweruka lija akamwini atabwera ndi foni yawo, ndinatenga viyola, ndinatenga mluzu wa akumpadire, ndinaufulumizitsa pang'ono, ndinauika tinsinjiro kuti umveke ngati munthu wonyang'ama, n'kuupereka kwa wakuba wa m'filimu. Mumtima ndinati, ngati ndi iwo amva okha, ngati si iwo palibe chaipa. Ndinadziona wochenjera kwambiri tsiku limenelo.

Filimu inagwira ngati moto wa lupsa. Gawo loyamba, lachiwiri, lachitatu. Gawo lililonse akamwini ankabwera, ine n'kuimba kanyimbo komweko. Wakuba akamaba mbuzi ndinkakaimba mothamanga, akamaba pamaliro ndinkakaimba mwachisoni, pamene anatsala pang'ono kugwidwa ndinangokhudza nsambo imodzi, anthu m'baraka n'kukuwa asanaone ndi mwendo womwe. Onyamula katundu panjinga pa Kalomwe ankakaimba wosintha ndalama akamawayandikira. Amayi pamsika ankakaimba mwana akasuzumira m'dengu la zitumbuwa. Ndinakumana ndi mphunzitsi wa limba uja pa feira, msika waukulu uja, iye n'kundilonjera mwachipongwe.

"Madala, zikuyenda? Ndamva mwamangiriridwa pachikhomo ngati mbuzi. Kanyimbo kamodzi magawo atatu!"

"Aphunzitsi, inu mwapeka zingati chaka chino?"

"Sindiwerenga. Ukwati uliwonse yatsopano."

"Tandiimbirani imodzi imene ana akuimba pamsewu."

Anakanda kumutu. Koma nayenso sanagone. Anati, "Zanga zimafa ndi phwando, madala, koma palibe imene inandilamulapo." Ndinaseka, ndinati ndi nsanje.

Kunyumba ndiye kunali china. Adzukulu akabwera ndi foni kuti tionere, mayi akunyumba ankakhala nafe mpaka pamene kanyimbo ka wakuba kayamba. Kakangoyamba ankanyamuka. Mwina akatsekere nkhuku, mwina aiwala mchere kwa aneba, ulendo wina anapita kukaanula zovala zimene anali ataanula kale. Ndinaziwerenga zonsezi ngati mmene ndinawerengera nkhwaira zija. Ndinati, mayi ameneyu mluzu wa akumpadire ukumupweteka chifukwa chiyani? Ndinakumbuka kuti ku Dedza akumpadire ankakonda kuzungulira chakumpanda kwa makolo a mayiyu. Ndinakumbuka kuti akamaphika thobwa chipanda choyamba chimapita kwa akumpadire. Munthu wa imvi mbuu, mano osakwana khumi, ndinagona chotembenukira kukhoma chifukwa cha nsanje. Ndinayamba ndi wakuba mbatata, tsopano ndinali ndi wakubanso zina.

Ana ndiwo anazindikira msanga. Akumpadire akudutsa pa sukulu ndi mluzu wawo wa masiku onse, kamwana kena kanakuwa kuti, "Wafika!" Ena onse n'kulandira kanyimbo kaja, akunyang'ama m'mbuyo mwawo. Poyamba akuti anaseka nawo, poti filimuyo anali asanaionere. Koma zinafalikira kwa akuluakulu. Akafika pachigayo anthu ankasendeza matumba awo pafupi, ena mwanthabwala, ena ayi. Ndipo anthu ankafunsana chimene ineyo ndinafuna kuti afunsane: madala aja a viyola ndi kumpadire wawo, bwanji anasankha mluzu umenewu? Akudziwapo kanthu. Gawo lachisanu litatuluka, akuluakulu a kapela anakhala pansi n'kuwauza mwaulemu wonse kuti akalamba, apumule, makiyi asunge wina. Palibe anatchula za kuba. Palibenso nyemba imodzi imene inasowapo m'kapelamo zaka zonsezo. Ine ndinali pamsonkhanopo, ndinkayang'ana nyerere.

Ndipo mbatata yanga? Chaka chotsatira wakuba uja anakumbanso, mwanzeru momwemuja, sabata imene akumpadire anali ku Tete kwa mwana wawo. Ndinaima m'dimbamo ndikuyesa kupeza njira yoti akhale atabwera pa shapa ya m'mawa n'kubwereranso. Mutu wokayikira ndi wolimbikira ntchito. Koma ngakhale wangawu unalephera.

Atabwerako anafika kwathu masana, atanyamula khasu langa limene anabwereka kalekale. Ndinawamva ndi mapazi okha, ndipo ndi pamene ndinazindikira kuti papita miyezi ndisanamve mluzu uja.

"Kumpadire, khasu lanu ili. Ndati lisakhalitse kwathu, anthu angalione."

"Aa, kumpadire, khalani pansi, thobwa lilipo."

"Ayi, ndathokoza. Filimu yanu ndaionera. Mumaimba bwino." Anatembenukira kwa kumadire wawo, mayi akunyumba, amene anali pakhonde akusankha nyemba. "Kumadire, tsalani bwino."

Anapita mwakachetechete, ngati munthu amene wasiya chinthu m'nyumba ya eni. Mayi akunyumba sanandiyang'ane.

M'mawa mwake ndinakwera njinga mpaka ku Ulongwe. Ndinapeza akamwini akukonzekera gawo lachisanu ndi chiwiri. Ndinawauza kuti ndapeka kanyimbo katsopano ka wakuba, kabwino koposa, ndipo ndinakaimba pomwepo pakhomo pa shopu, ndi mtima wonse.

"N'kabwinodi, bambo. Tidzakaika mufilimu ina."

"Ayi, muyomweyi. Kakale kaja kachotseni."

"Bambo, wakuba wathu alibe nkhope. Nkhope yake ndi kanyimboko. Tikakachotsa anthu adzati tasintha munthu."

"Ndiye ine sindiimbanso."

Anandiyang'ana mwachisoni, monga amayang'anira munthu wobwera ndi foni yogwera m'madzi. Anadina pa kompyuta, ndipo viyola yanga inalira yokha m'shopumo, ine manja ali m'thumba. Yothamanga ilimo, yachisoni ilimo, ya nsambo imodzi ija ilimo. Anati magawo ena atatu anawalemba kale. Ndinawapempha kuti mwina aonetse nkhope ya wakubayo, anthu aone kuti ndi munthu wina. Anati akaonetsa nkhope filimu yatha, ndipo anthu sakufuna ithe.

Pobwerera, pachitunda chimene njinga timakankha, ndinakumbuka mkaidi wanga wa pa Kalomwe uja. Ndinaseka ndekha mpaka mayi wina wosenza nkhuni anapatuka. Zaka zonsezi ndinkati ndinali chitsiru pokhulupirira zimene zija, chikhalirecho ndinangolakwitsa dziko. Kusiyana kwake, uja ndinkati anamugamula ndi ena.

Madzulo ake titadya, adzukulu atapita kwawo, ndinaganiza zoti nditsirize milandu yonse tsiku limodzi. Za mbatata ndinavomera kuti ndinalakwa. Koma ndinati pali chimodzi chimene sichikundigoneka, ndipo ndinafunsa chifukwa chimene amathawira mluzu wa akumpadire ngati ukuwakumbutsa zinazake. Mayi akunyumba anaika mbale pansi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, monga amayang'anira nyemba yofumbwa asanaitaye.

"Wa akumpadire? Inu bambo inu, mutu umenewu mumangosenzera chipewa? Nyimbo imene ija ndi yanu. Munaipeka ku Dedza, yanga ine, ili ndi mawu ake, ena ndikuwakumbukabe koma simuwamva lero. Bambo anga atakuthamangitsani ndi mpini, munawaphunzitsa akumpadire kuti aziiimba mluzu kumpanda, ndidziwe kuti muli kuchitsime. Miyezi inayi akulumidwa ndi agalu chifukwa cha inu. Inu munaiiwala ukwati usanathe mwezi, iwo akusungirani zaka zonsezi, ndiye mwaitenga mwapatsa wakuba. Mawa ndi Lamulungu. Mutenge viyola yanuyo, Misa ikatha mukaime pakhomo pa kapela, mukaiimbe pang'onopang'ono mmene inalili, mukanene mwini wake ndi chimene munaichita. Mawu ndikuuzani m'mawa. Ana akafuna wonyang'ama naye m'mbuyo, anyang'ame ndi inu."