Bobina Ziwiri Zosalakwa

Kamakina kaja ndinakagula ku Cuamba, kowerenga matenda a galimoto ukakalumikiza pansi pa chiwongolero. Kanandipatsa matama, sindikana. Ofisina ya ku Mandimba, kokonzera magalimoto, inali ya a malume, amene anandiphunzitsa kugwira sipanala, koma kuyambira pamenepo ndinkayenda ngati mwini wake ndine.

Tsiku lina mlimi wa fodya wa ku Ngauma anabwera ndi pikapu yake. Injini inkanjenjemera ndi kugogoda, kanyali kachikasu kochenjeza za vuto kali ngwee. Ndinalumikiza kamakina, nambala inatuluka: bobina yachitatu, ija yopereka moto ku pulagi, ikuyatsa nthawi isanakwane.

"Bobina yafa," ndinatero.

A malume anatsegula boneti, n'kuwerama, n'kununkhiza. Anafunsa mlimiyo kumene galimoto imagona. Iye anati m'shedi, pafupi ndi matumba a chimanga.

"Muno mukununkha mkodzo wa makoswe," anatero a malume. "Tiyambe taona mawaya."

Ine ndinaseka. Pa benchi panali oyendetsa njinga zamoto, ndipo ndinanena mokweza kuti masiku ano galimoto sitiombeza ndi mphuno. Onse anafa nako kuseka. A malume anapukuta manja, n'kukakhala pa tayala pansi pa mtengo wa mango.

Ndinaika bobina yatsopano, n'kufufuta nambala ija. Patatha masiku awiri pikapu inabwerera. Ndinati bobinayo inali yabodza, ndinaitanitsa ina ku Cuamba. Sabata yomweyo a malume analonga zitsulo zawo m'thumba la feteleza, akuti maso atopa, akupita kumudzi ku Mitande kukalima. Ndinangoti chabwino, osawafunsa n'komwe.

Pikapu itabwera kachitatu ndinali ndekha. Ndinatsata mawaya ndi chala mpaka kuseri kwa injini, komwe ndinapeza chisa cha makoko a chimanga ndi mawaya awiri otafunidwa akukhudzana. Waya wa bobina ina ndi amene ankadzutsa yachitatu isanafike nthawi yake. Kamakina sikananame ayi, kananena chimene chinkachitika, koma kufufuza chifukwa chake inali ntchito yanga. Tepi ndi mphindi khumi, basi. Manyazi anandigwira.

Ndinazengereza miyezi inayi, kuuma mutu kokhakokha, kenako ndinakwera njinga yamoto kupita ku Mitande. Ndinawapeza pakhomo akusongola mpini wa khasu. Ndinafotokoza zonse, ndinapepesa, ndinawapempha kuti abwerere ku ofisina kwawo.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako munthu amene chibadwire changa ankanditchula kuti "iwe", amene ankandikoka khutu ndikataya bawuti, ananyamuka n'kundipatsa mpando wa alendo, iwo n'kukhala pansi.

"Palibe kanthu, a mesitiri," anatero, kundiitana ngati mmisiri wamkulu. "Mwayenda bwanji?"

Ku ofisina sanabwerere. Ndimapitabe kukawaona, amandilandira bwino, ndipo mpaka lero amanditchula choncho. Zimandipweteka kuposa akanati anditukwane.