Mpendero wa Mayi Tionenji

Mayi Tionenji Mbewe sanakwerepo ngalawa ya matanga, ndipo ngakhale boti la pa mtsinje wa Thames amaliopa. Komabe kwa zaka khumi ndi ziwiri akhala akusoka matanga a ngalawa m'kashedi kena m'mbali mwa mtsinjewo ku Greenwich. Amanyamuka ku Tottenham m'mawa uliwonse, tiyi ali m'chikwama, magalasi akulendewera pachifuwa.

Utelala anauphunzirira pakhonde la sitolo ku Chipata, posoka mayunifolomu. Kumeneko lamulo linali lakuti mwana amakula koma nsalu siikula. Diresi la mwana woyamba sukulu umalipindira mpendero waukulu m'kati, kuti chaka chamawa mayi ake adzangomasula ulusi n'kulitalikitsa. Dzanja lawo linazolowera choncho, ndipo kuwoloka nyanja sikunaliiwalitse.

Marvin, mwini shediyo, ankadandaula nazo. Ankati thanga si mwana, silidzakula, ndipo nsalu iliyonse yowonjezera ndi katundu wochedwetsa ngalawa. Mayiwo ankavomera mwaulemu, iye akatembenuka n'kupinda monga mwa masiku onse.

Chaka chatha kunabwera Fiona, mtsikana wowonda wa manja okhakhala, amene ankakonzekera mpikisano wozungulira dziko lonse ali yekhayekha m'ngalawa. Miyezi ingapo osaima padoko, osalandira kanthu kwa munthu, chololedwa kungofunsa nzeru pafoni. Mayi Tionenji atamva zimenezi anamufunsa ngati mayi ake akudziwa. Fiona anaseka mpaka misozi, ndipo kuyambira tsikulo ankawatcha Anti.

Pa thanga lalikulu la Fiona, Marvin ananenetsa kuti mpendero wa m'munsi usapitirire zala ziwiri. Mayiwo anayesadi zala ziwiri. Kenako anaganiza za mwana wa eni ake ali yekha pamadzi, dzanja linapinda chikhatho chathunthu, kawiri, n'kusokerera bwino moti kunja sikunkaoneka kanthu. Sanauze munthu.

Mpikisano utayamba, Fiona anasanduka kadontho pa mapu a pafoni. Mayiwo ankakayang'ana m'sitima ya pamtunda popita ku ntchito, kakutsika m'mbali mwa Africa, kakukhota kumunsi kwenikweni kumene kulibe mtunda, kumadzi ozizira a mafunde otalika kuposa basi yosanjikizana. Lamlungu ankakapempherera ku tchalitchi, mpaka amayi anzawo anayamba kufunsa kuti mwana wanu uja wafika pati.

Lachiwiri lina masana Marvin anawaitana, nkhope itagwa. Fiona anali pafoni. Mphepo inali itang'amba thanga lija, nsalu ya zigamba inatha kale, ndipo popanda chigamba anayenera kusiya mpikisano n'kulunjika kudoko lina, ulendo wa masabata awiri. Mawu ake ankamveka apatali, otopa.

Mayiwo anaganiza kuti mwina mpendero wawo ndiwo wadzetsa ngoziyo. Anafunsa pamene pang'ambika. Panali pakati, kutali ndi msoko wawo. Anapuma pang'ono, koma tsopano panatsala kuulula, Marvin ali chiimire pomwepo.

“Mwanawe, uli ndi kampeni?” anatero akuyang'ana pansi. “Pita m'munsi mwa thangalo, umasule ulusi pang'onopang'ono. Nsalu ilimo. Udule yokukwanira, yotsalayo upindenso.”

Panapita mphindi zambiri foni ili zii, kukungomveka mphepo. Kenako Fiona anabwerera akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

“Anti, mwabisamo thanga lina lonse muno!”

Mayiwo anamulangiza kasokedwe kake, kuti asathamange, abaye kawiri paliponse, ndipo adye kaye chifukwa wanjala sasoka chowongoka. Fiona anasoka masiku awiri, zala zitauma ndi kuzizira. Lachisanu m'mawa, sitima isanafike pa Greenwich, kadontho kaja kanali katalozanso kum'mawa. Mayiwo anaonetsa foniyo kwa bambo wina wosamudziwa amene anakhala naye pafupi, iyenso anagwedeza mutu ngati akumvetsa.

Atafika kuntchito anapeza Marvin atawafululira kale tiyi, chinthu chimene sanachitepo. Anawafunsa kuti mpenderowo unali waukulu bwanji. Iwo anangotambasula chikhatho.

“Ulendo wina muzindifunsa kaye,” anatero Marvin.

Mayi Tionenji anavomera mwaulemu, navala magalasi awo, n'kukokera thanga latsopano pa makina.