Thonje la m'munda mwanga ladula mwendo wa Zuze

Mwana wanga Zuze amudula mwendo. Wakumanzere, m'munsi mwa bondo, Lachinayi lapitali kuchipatala cha ku boma. Ine kulemba sindidziwa. Akundilemberawa ndi mnzathu wa kumpingo, ndipo ndawauza kuti asachotsepo liwu.

Chiyambi chake ndi chikwanje. Zuze ankadula bango logulitsa kudambo cha ku Chiromo, chikwanje chinaterereka n'kumutema pamsongolo. Bala lake kutalika ngati chala changa chapakatichi. Basi. Tinamukweza pangolo, seveni koloko tili pakachipatala kathu. Dilesa, bambo uja amatsuka zilonda, anatsegula chitseko leveni koloko. Anayamba wafunsa kadi ya chipani. Mwendo anauona pambuyo.

Kenaka akuti thonje latha. Thonje! Kuno kwathu, kumene malole amachoka ku Ngabu atadzaza mpaka kupendekeka? Akuti, "Gogo, si inu olima? Kathyoleni lanu."

Ndinapita. Ndinasankha loyera bwino, njere ndinachotsa ndi zala zangazi. Iye sanaliwiritse, sanayale ngakhale kansalu pansi pake. Anangolikanikiza pabalapo, n'kumanga, n'kuti tibwerenso pakapita masiku asanu.

Ine ndalera ana asanu ndi awiri, zilonda ndimazidziwa. Magazi amayamba agwirana n'kutseka pakhomo. Kenaka pamatupa, pamatentha, ndiye kuti thupi lonse lamva kuti uko kwagwa ngozi. Zikatero pansi pamamera kanyama kofiira, ka timibulu ngati m'kati mwa gwafa. Kanyamako kakadzaza, khungu la m'mbali limamva kuitana, limayamba kukwawa, la uku ndi la uko, mpaka kukumana pakati. China sichiyamba chinzake chisanachiitane.

Tsiku lachisanu kanyama kaja kanali katamera, koma katamerera m'kati mwa thonje. Ndinati, "Bambo, tanyowetsani kaye ndi madzi ofunda."

Iye akuti, "Ndikuvulireni yunifomuyi muvale ndinu?"

Anagwira, n'kuzula kamodzi. Zuze, bambo wa ana atatu, anakodza pabenchi anthu akuona. Thonje linatuluka lili ndi nyama. Dilesayo anaikapo lina. Langa lomwe lija.

Katatu konse zinatero. Kamera, wazula. Kamera, wazula. Ulendo wachinayi tinapeza loko pachitseko, akuti onse apita kokonzekera magule a alendo akuluakulu. Bandeji linakhala masiku khumi ndi awiri osamasula. Ntchentche zinayamba kufika pakhomo pathu ife tisanadzuke.

Mufunsa kuti nanga bwanji sindinamutsuke ndekha. Dilesayo anali atatichenjeza kuti womasula bandeji la boma n'kupakapo zakumudzi ndiye kuti akunyoza chitukuko, ndipo akamunenera kumene kumanenedwa anthu. Inu mukudziwa kumene mawu amenewo amafikitsa munthu masiku ano. Ndinachita mantha. Ndinakhala chete mwana akununkha m'nyumba.

Mapeto ake tinamutengera ku boma, kumene tinapeza namwino wachikulire. Anamasula, n'kuyamba kutola tiulusi ta thonje ndi kachitsulo, kamodzikamodzi. Atatha anandikokera pambali.

"Mayi, m'nyama muli tizinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Timatumizirana uthenga: iwe tseka, iwe tsuka, iwe manga. Mukasiyamo chachilendo, otsuka aja saleka kumenyana nacho, ndiye omanga sauzidwa kuti yambani. Apa zalowa m'fupa. Mukanabwera msanga."

Msanga wake uti? Popeza tinafika seveni koloko tsiku lomwelo!

Tsono inu akuluakulu a zipatala, ndiyankheni. Ine wosapita kusukulu ndikudziwa kuti chouma pachilonda amanyowetsa. Dilesa uja anakaphunzira chiyani? Madzi ofunda nawonso anatha, Shire ali pompa? Ana atatu aja adya bango lodula ndani? Dilesayo akadali pomwepo, akutsegulabe leveni koloko.

Amayi anzanga a ku Chikwawa mpaka ku Nsanje, akakuuzani kuti kathyoleni thonje lanu, nyamulani mwana wanu mupitirire kutsogolo, ngakhale kumubereka kumsana.

Ana anga onse ndinawaphunzitsa kuti chilonda chikayamba kuyabwa asamakande, ndiye kuti khungu lakumana, chikupola. Dzulo Zuze anadzidzimuka ali pamphasa, n'kundiitana akumwetulira ngati kale ali mwana.

"Mayi, pamsongolo paja pakuyabwa."

Anatambasula dzanja kuti andionetse. Anagwira mphasa.