Buku Lofiira Pansi pa Tiyi

Dzulo abambo a Lusiya anabwera ndi buku la sitima za nkhondo, lomwe mphunzitsi mnzawo anawabwereka nalitamanda kwambiri. Fungo la mapepala akalewo linandidula mtima, mpaka ndinamukoka mwana kuti asaligwire.

Ndili wamng'ono, atate anga ankaphika kwa mzungu woyang'anira munda wa tiyi. Kale anasenzapo katundu wa asilikali pa nkhondo ya Jeremani, nabwerako ndi chifuwa chosatha. Loweruka lililonse azungu atatu ankakhala pakhonde kubwerekana mabuku otere, akulozerana zithunzi za mizinga, wina akumenya tebulo kuti lake ndilo loyenera kuwerenga. Ine poona zala zikuyenda m'mizere, ndinkati akusankha mayina a anthu oti apite kunkhondo.

Tsiku lina ndinazemba, n'kutenga buku lofiira pakhondepo, n'kukalikwirira pansi pa mtengo wa tiyi.

M'mawa kapitawo anafika pakhomo pathu. "Achimwene, bwana akuti buku likapanda kupezeka pofika madzulo, mumange katundu, inu ndi ana omwe."

Atate anayang'ana zikhadabo zanga zodzaza dothi. "Waliika kuti, mayi?"

"M'bukumo muli dzina lanu," ndinalira. "Akutenganinso."

Anakalifukula, nalipukuta ndi malaya awo, n'kukauza bwana kuti analitenga ndi iwo. Anawombedwa mbama pamaso pa antchito onse, koma sitinachotsedwe. Ine sanandikalipire, ndipo sanawauze amayi.

Nditaphunzira Chingerezi kukoleji ndinawerenga mabuku otere angapo, ndikufufuza tsamba ndi tsamba. Ndinkaopa pachabe: mayina a anthu ngati atate salembamo.