Kajuzi ka Mlendo

Dzulo ndinapeza mkazi wanga, yemwe ndi woyembekezera, akuluka kajuzi ka mabatani. Ndinamulanda n'kukaponya padenga. Mpaka pano sakundiyankhula.

Ndili mwana kwathu kwa Mavwere, amayi anamasula juzi yakale ya abambo n'kuyamba kuluka kajuzi kena ndi masipoko a njinga. Ulusiwo unali wopotanapotana, wonunkha fodya wa m'chigafa. Nditafunsa kuti mwini wake ndani, anangoti, "N'ka mlendo."

"Mlendo wanji wochepa chonchi?"

"Udzamuona. Gwira ulusiwu, usiye kulongolola."

Tsiku lina ndinadzuka amayi ali chigonere, atayang'ana kukhoma. Azimayi anali atalowera kudambo ndi khasu, popanda wolira. Kajuzi kanali pamphasa, mkono umodzi usanathe.

"Mlendo uja wabwerera," anatero azakhali. "Usalire, oterewa sitiwalira."

Alendo amene ndinkawadziwa ankabwerera ku Chipata. Ndinapsa mtima. Munthu wamwano bwanji, kunyanyala chifukwa cha mkono umodzi! Ndinathamangira kumsewu ndi kajuziko n'kuimitsa bambo wina wa geni amene ankapalasa njinga kulowera kubodala, njira ya ku Chipata.

"Amalume, mukamuuze mlendo wathu abwere, amayi amaliza mawa!"

Bamboyo anayang'ana kajuziko, anavula chipewa, n'kundiperekeza kunyumba. Amayi sanagwirenso masipoko aja.

Pano ndine wamkulu, ndikudziwa kuti ulusi suthamangitsa mwana. Komabe kajuzi kaja kakhala padengapo mpaka nditamva mwana wangayu akulira.